Chuku cha Mwatitha

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkapopera minda ya eni,
kuyambira pa Mpingu mpaka kufupi ndi Msundwe,
mpope kumsana ngati mwana wokana kutsika.
Usiku mkazi wanga ankati ndikununkha sitolo ya feteleza,
ndigone choyang'ana kukhoma.
Mbozi zinkafa ine ndikuona,
zikudzipinda ngati zala za munthu wozizidwa.
Njuchi nazo. Achule a m'dimba nawo.
Koma chaka china mbozi zinabwera zitaphunzira,
zinkamwa mankhwala anga ngati thobwa la pachinkhoswe.

Tinayesa phulusa. Tinayesa mchenga ndi sopo.
A Chinkhuntha anathira msuzi wa bonya kumtima kwa chimanga
kuti nyerere zibwere kudzatimenyera nkhondo,
kunabwera agalu.

Ndiye Loweruka lina anatsika minibasi Mwatitha,
mwana wa mlongo wanga,
yemwe amatsuka mabotolo a akatswiri ku Chitedze.
M'chikwama munali kapepala ka ufa wobiriwira.
Anati, Malume, ichi ndi chuku, ndipo n'chamoyo.
Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Chuku ndimachidziwa ine:
chimadya chimanga m'nkhokwe denga likamadontha,
chinadya nsapato zanga za ukwati pansi pa bedi.
Mbava yomweyo lero ndiilembe ulonda?

Anati si mtundu umodzi, malume,
monga si Phiri aliyense amene ali nanu ngongole.
Ichi chimanga sichichifuna. Chimafuna mbozi.
Chikagwera pakhungu chimamera, chimalowa,
chimadya kuchokera m'kati mwakachetechete.
Koma tsukani mpope katatu,
ndipo mupopere dzuwa litapendeka,
chifukwa dzuwa la masana limachipha.

Mankhwala oopa dzuwa!
Ndinapopera mizere khumi yokha, ya kuchulu,
nditayang'ana uku ndi uku kuti anthu asandione.

M'mawa mwake mbozi zinali pa ntchito.
Mkuja wake, chimodzimodzi,
masamba ngati chitenje chodyedwa ndi makoswe.
Tsiku lachitatu ndinamuimbira foni ndi mayunitsi obwereka.
Anangoti, Dikirani.
Ine amene ndinazolowera imfa ya pompopompo
ndinakhala pachulu, kudikira maliro ochedwa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinafunyulula tsamba.
Inali pomwepo, youma gwa,
itavala ubweya woyera ngati thonje la m'khutu.
Ina pamwamba pake, yayamba kubiriwira.
Ina inali yamoyo ndithu, yonenepa,
ikundiyang'ana ngati mwini munda.
Ndinawerenga: zakufa khumi ndi zitatu, zamoyo zinayi.
Pa dzanja langa panatera kachilombo kofiira ka madontho,
kanayenda mpaka pachikhadabo, kenaka kanauluka.
Ndinali nditaiwala kuti kameneka kaliko.

Mwatitha akuti kuntchito kwawo kuli galasi
loti ukasuzumira umaona timbewu ta chukucho
titandandalika ngati mazira a nsomba.
Ine sindinationepo.
Ndimapita kutchalitchi, choncho kukhulupirira chosaoneka
si ntchito yachilendo kwa ine,
koma sindinkayembekeza kuchinyamula m'mpope.

A Chinkhuntha akuti ndi mvula imene yathandiza.
Mwina. Sindinawatsutse.
Kapepala kaja katha, ndipo m'sitolo za pa Mpingu
akangomva dzina lake amakupatsa botolo la chigaza lomwe lija.
Mizere ina yonse ndinapopera zakale,
nditamanga mpango kukamwa, ndikuchita manyazi ndi achule.

Koma madzulo ano ndatola mitembo yobiriwira ija
m'kachitini ka machesi,
ndaiika pamthunzi, kuseri kwa mtsuko,
kuti ndikamufunse mwanayo ngati imabzalika.
Mkazi wanga wandipeza ndikuivundikira bwinobwino.
Wandinunkhiza pakhosi,
sananene kanthu,
wangosendeza mtsamiro wake kufupi ndi wanga.